Nyimbo za Machona ku Nkhata Bay ndi Chuma Choyenera Kusungidwa

Mwana aliyense amene anadutsa m'sukulu za dziko lino akafunsidwa za magule a m'boma la Nkhata Bay amayankha mosazengereza kuti ndi malipenga ndi chilimika. Yankho limeneli ndi loona, ndipo magule awiriwa ndi ulemerero wa Atonga ndiponso wa mtundu wonse wa Amalawi. Komabe pali mbali ina ya mbiri ya kuvina kwa anthu a m'mphepete mwa nyanja imene sitchulidwa kawirikawiri, ndiyo ya nyimbo za pa mbale za galamafoni zimene zinkabwera m'mabokosi a abale athu pochokera ku ntchito ku maiko a kummwera. Pakati pa mbale zimenezo panali nyimbo za anthu akuda a ku America, za mitundu yotchedwa rhythm and blues ndi soul. Anyamata ndi atsikana a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anazivina pa maukwati, pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano, kufikira zinazolowerana ndi moyo wa pa doko monga usipa ndi kondowole.

Amene anavina nyimbo zimenezi tsopano ndi agogo a zaka 70 ndi 80, ndipo akutisiya mmodzimmodzi. Mbale zawo zikusweka ndi kupindika m'mabokosi. Tsono tsamba lino likufuna kukumbutsa akuluakulu a boma ndi aphunzitsi kuti nyimbo zimenezi nazonso ndi mbiri ya dziko, ndi kuti nthawi yozisonkhanitsa ndi ino.

Njira imene nyimbo zinadzera

Kuti timvetse mmene nyimbo za ku Memphis ndi ku Detroit zinafikira pa mchenga wa Chikale, tiyenera kuyambira pa sukulu. M'chaka cha 1881 amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, anasamuka ku Cape Maclear nakakhazikika ku Bandawe. Atonga analandira maphunziro ndi manja awiri, kotero kuti pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 dera limeneli linali ndi anyamata ambiri odziwa kuwerenga, kulemba ndi kulankhula Chingerezi. Koma ntchito zoyenerana ndi maphunziro awo kunalibe, pamene msonkho unkafunika chaka ndi chaka.

Chifukwa chake amuna anayamba maulendo a ku Halale, ku Bulawayo, ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia ndi ku Joni. Ena ankapita pa Wenela, ena pa Mthandizi, koma ambiri ankakonda kupita pa selefu, ndiko kunena kuti paokha, osalembedwa ndi kampani. Kumeneko ankapeza ntchito za ukalaliki, za ukapitawo, zophika ndi zoperekera zakudya m'mahotela. Wotchuka koposa mwa iwo anali Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe, amene m'chaka cha 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU mu mzinda wa Cape Town. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Jaap van Velsen, amene anakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950, anapeza kuti pa nthawi iliyonse amuna oposa theka anali kunja kwa dziko. Amene ankakhalitsa osabwerera ndiwo ankatchedwa machona, ndipo m'kupita kwa nthawi dzinalo linkagwira aliyense wokhala kutali ndi kwawo chifukwa cha ntchito.

Sitima ya Ilala itayamba kuyenda pa nyanja m'chaka cha 1951, ulendo wobwerera unapepuka. Munthu wochokera ku Halale ankatsika sitima ya pamtunda pa Chipoka, nakwera Ilala mpaka pa doko la Nkhata Bay. Tsiku la sitima linali tsiku lalikulu m'tauni, pakuti abale ankasonkhana kudzaona amene wabwera ndi zimene wabwera nazo. Katundu wa munthu amene wayenda bwino ankadziwika: njinga, makina osokera, mabulangete, suti, chipewa, ndi galamafoni pamodzi ndi mbale zake. Patsogolo pake galamafoni yopukusa ndi dzanja inalowedwa m'malo ndi gumbagumba ya mabatire, imene mawu ake ankamveka mudzi wonse.

Chiyambi cha nyimbozi

Dzina loti rhythm and blues linayamba kugwiritsidwa ntchito ndi magazini ya Billboard m'chaka cha 1949 potchula nyimbo zovina za anthu akuda a ku America. M'zaka za m'ma 1950 oimba monga Ray Charles ndi Sam Cooke anatenga kaimbidwe ka m'tchalitchi nakaika m'nyimbo za chikondi ndi za mavuto a tsiku ndi tsiku, ndipo kuphatikizana kumeneku ndiko kunabala soul. Makampani awiri ndiwo anaifalitsa kwambiri: Motown, imene Berry Gordy anayambitsa ku Detroit m'chaka cha 1959, ndi Stax ya ku Memphis, kumene kunkaimba Otis Redding. Maina a Aretha Franklin, Wilson Pickett, James Brown ndi Percy Sledge anamveka pa dziko lonse lapansi.

Nkofunika kudziwa kuti eni ake a nyimbozi nawonso anali anthu a paulendo. Kuyambira cha m'ma 1916 kufikira 1970, anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni anachoka ku minda ya kummwera kwa America kupita ku mizinda ya kumpoto ndi kumadzulo, kuthawa tsankho ndi kukafuna ntchito m'mafakitale. Ankasiya makolo, akazi ndi ana, monga mmene Mtonga ankachitira pokwera Ilala.

Ku chigawo chino cha Africa nyimbozi zinalowera makamaka ku South Africa, kumene makampani ankadinda mbale zake nazigulitsa m'masitolo a ku Johannesburg, Salisbury ndi Bulawayo. Wailesi ya LM Radio, imene inkaulutsa mawu kuchokera ku Lourenço Marques kufikira chaka cha 1975, inkamveka m'maiko ambiri a kuno. Percy Sledge, amene nyimbo yake ya When a Man Loves a Woman inatuluka m'chaka cha 1966, anakondedwa kwambiri kotero kuti anakaimba ku South Africa m'chaka cha 1970. M'chaka chomwecho James Brown anakaimba ku Zambia. Achinyamata a m'makomboni anayamba magulu awoawo a soul, monga The Movers a ku Alexandra, ndi The Beaters, amene atakaimba ku Rhodesia m'chaka cha 1976 anasintha dzina nakhala Harari, potengera komboni ya ku Salisbury mmene munkakhalanso Amalawi ambiri. Kotero mchona pogula mbale ankasakaniza soul ya ku America, soul ya ku Joni, kwela ndi simanjemanje, zonse m'bokosi limodzi.

Kuno kwathu wailesi ya MBC inayamba m'chaka cha 1964, ndipo mawailesi a Nzeru opangidwa ku Blantyre anafika m'midzi yambiri. Magulu oimba a m'tauni, monga Jazz Giants la Morson Phuka, ankaimba nyimbo za kunja pamodzi ndi za kwathu. Chotero nyimbo imene mnyamata waimva pa gumbagumba ya malume ake ankatha kuimvanso pa wailesi, nazindikira kuti mudzi wake ukuyendera limodzi ndi dziko lonse.

Chifukwa chake zinamera mizu kunyanja

Mbewu simera paliponse pamene yagwa, ndipo pali zifukwa zitatu zimene nyimbozi zinapezera nthaka yabwino ku Nkhata Bay.

Choyamba ndi uthenga wake. Nyimbo zambiri za soul zimanena za kulekana, kudikira kalata, kukayikirana kwa mwamuna ndi mkazi otalikirana, ndi kulakalaka kwawo. M'boma mmene nyumba zambiri zinali ndi bambo kunja, ndiponso mmene anthu ambiri ankamva Chingerezi, uthenga wotere sunkasowa womasulira. Chitsanzo chabwino ndi nyimbo yotchuka ya Otis Redding, yonena za munthu amene anachoka kwawo ku Georgia nangokhala pa doko kuyang'ana sitima zikubwera ndi kupita. Inatuluka kumayambiriro kwa chaka cha 1968, mwini wake atamwalira pa ngozi ya ndege pa 10 Disembala 1967. Munthu amene anaimapo pa doko la Nkhata Bay kudikira mbale wake amene sanatsike m'sitima sangavutike kumvetsa nyimbo yotere.

Chachiwiri ndi kaimbidwe. Soul inabadwira m'tchalitchi, ndipo imasunga mwambo woti mmodzi atsogolere nyimbo, ena avomere. Umu ndi mmene timaimbira ife pa gule, pa maliro ndi pokoka khoka. Anthu amene analeredwa ndi makwaya a ku Bandawe anamva m'mbale zimenezi chinthu chimene ankachidziwa kale.

Chachitatu ndi chakuti anthu a kunyanja anali ndi luso lakale lolandira chinthu chachilendo ndi kuchisandutsa chawo. Malipenga eni akewo anayamba itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, potsanzira perete wa asilikali a King's African Rifles. Anthu analibe malipenga amkuwa, tsono anapanga awo ndi zikho, nakhazikitsa magulu otchedwa maboma okhala ndi maudindo awo. Chilimika, amene dzina lake litanthauza chaka, ndi gule wa amayi ndi atsikana wolandirira Chaka Chatsopano, ndipo naye ali ndi dongosolo la mizere ndi zovala zofanana. Gule wa honala, amene amayendera akodiyoni, anabwera ndi anthu ochokera ku ntchito kummwera, ndipo amavinidwa ndi amuna ndi akazi atavala mwaulemu. Gulu la Park Town Band linathandiza kuti honala adziwike m'dziko muno. M'magule onsewa muli khalidwe limodzi: ukhondo, kudekha, ndi kusamala kaponyedwe ka phazi. Wovina wabwino kunyanja ndi amene amatsiriza gule malaya ake ali oyera. Nyimbo za soul, zimene zambiri zimayenda pang'onopang'ono ndipo zimavinidwa awiriawiri, zinagwirizana ndi khalidwe limeneli. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma kumeta kwake anameta ndi eni mudzi.

Phunziro lochokera ku Carolina

Zimene zinachitika ku Nkhata Bay zinachitikanso, mwa njira yake, m'mphepete mwa nyanja yaikulu ya Atlantic, m'zigawo za North Carolina ndi South Carolina ku America, ndipo mmene anthu a kumeneko anasungira nyimbo zawo muli phunziro kwa ife.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pamene malamulo a tsankho anali olimba, mawailesi ambiri a azungu sankaulutsa nyimbo za anthu akuda. Koma m'malo ovinira a kugombe, monga ku Myrtle Beach ndi ku Ocean Drive, munali makina oimba mbale munthu akaponyamo ndalama, ndipo achinyamata achizungu opita kutchuthi ankamva nyimbozi m'makina amenewo. Anazikonda, nayamba kuzivina ndi gule wa awiriawiri wotchedwa shag, amene luso lake lili m'mapazi pamene thupi lili phee. Nyimbo za magulu monga The Dominoes, The Drifters ndi The Tams zinayamba kutchedwa beach music, ndiko kuti nyimbo za kugombe, ngakhale kuti zinkajambulidwa ku mizinda ina yakutali.

Pamene dziko lonse la America linatembenukira ku nyimbo zina, anthu a ku Carolina sanataye zawo. Anasunga mbale zakale, anayambitsa makalabu ovina, ndipo kuyambira chaka cha 1980 akhala akusonkhana ku Ocean Drive kudzakumbukira unyamata wawo ndi kuphunzitsa ana. M'chaka cha 1984 nyumba ya malamulo ya South Carolina inalengeza kuti shag ndi gule wa chigawocho, ndipo m'chaka cha 2001 inachita chimodzimodzi ndi nyimbo za kugombe. Misonkhano yawo imadzaza mahotela ndi kupatsa anthu ntchito.

Koma mbiri imeneyi ili ndi chenjezo. Eni nyimbo anali anthu akuda amene sankaloledwa kusamba pa magombe omwewo. Malo ovinira a Charlie's Place ku Myrtle Beach, mmene akuda ndi azungu ankavinira pamodzi, anathiridwa nkhondo ndi gulu la tsankho la Ku Klux Klan m'mwezi wa Ogasiti 1950. Papita zaka zambiri anthu asanavomereze poyera kumene gule wawo anachokera. Ife posunga zathu tiyenera kutchula maina a eni ake kuyambira pachiyambi: woimba, wogula mbale, ndi wovina.

Mmene zathu zinaiwalikira

Boma la Dr H. Kamuzu Banda linakweza kwambiri magule a makolo. Malipenga, chilimika, ingoma, beni ndi ena ankavinidwa pa misonkhano ndi pa zikondwerero za ufulu, ndipo ana asukulu anawaphunzira. Ntchito imeneyi inapulumutsa zambiri. Koma dansi ya pa gumbagumba inkaonedwa ngati chinthu chachilendo chosayenera kulembedwa. Lamulo loona za mafilimu, mabuku ndi zisangalalo la 1968 linapatsa boma mphamvu yoletsa nyimbo zina, ndipo lamulo la kavalidwe la 1973, limene linathetsedwa m'chaka cha 1993, linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Amuna nawo analetsedwa kusunga tsitsi lalitali. Anthu anapitiriza kuvina, koma zovina zawo sizinalowe m'mabuku.

Njira ya machona nayo inayamba kutsekeka. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo boma linaimitsa kulemba anthu a ku migodi. Ntchitoyi inayambanso m'chaka cha 1977 pa dzina la Theba, koma anthu opita anachepa, ndipo inatheratu m'chaka cha 1988. Pa nthawi yomweyo makaseti analowa m'malo mwa mbale, ndipo magumbagumba anaponyedwa kuseri kwa nyumba.

Nyengo ya kunyanja nayonso sichitira chifundo mbale. Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma a mvula yambiri m'dziko muno. Chinyezi chimadya mapepala a pa mbale pamene palembedwa dzina la woimba, kutentha kwa malata kumapinda mbale zazing'ono za 45, mchenga umazikala, ndipo mbale zakale za 78 zimasweka ngati phale zikangogwa. Mwini wake akamwalira, adzukulu osadziwa ntchito yake amaziseweretsa kapena kuzitaya.

Zoyenera kuchita

Ena anganene kuti nyimbo za ku America si chikhalidwe chathu, ndipo kuti ndalama za boma ziyenera kupita ku magule a makolo okha. Tiwayankhe kuti perete wa asilikali ndi akodiyoni nazonso sizinali zathu, koma lero palibe amene angalande Mtonga malipenga kapena honala. Chimene tikufuna kusunga ndi mbiri ya anthu athu: kumene anapita, zimene anaona, zimene anasankha kubwera nazo, ndi mmene anazivinira atafika. Ndiponso ntchito yaikulu sifuna ndalama zambiri.

Aphunzitsi ndiwo ayenera kuyamba. Pa maphunziro a mbiri yakale ndi a zaluso, ophunzira atumidwe kukacheza ndi agogo awo, atatenga mafunso olembedwa bwino: Munapita liti ndipo munadzera njira iti? Munkagwira ntchito yanji? Mbale munkagula kuti? Dansi inkachitikira pati, ankaitanira ndani, ndipo anthu ankavala chiyani? Amayi amene ankatsala pamudzi afunsidwenso, pakuti iwo ndiwo ankasunga galamafoni bambo akabwerera ku ntchito. Mayankho alembedwe m'Chitonga monga mmene anenedwera, kenaka amasuliridwe. Pamene pali foni, mawu ajambulidwe, ndipo agogo amene akadali ndi mphamvu aonetse mapazi ake a gule. Zonsezi zichitike mwaulemu, atapempha chilolezo kwa eni ake.

Khonsolo ya boma la Nkhata Bay, mogwirizana ndi mafumu monga a Mkumbira, a Timbiri, a Mankhambira ndi a Fukamapiri, ingathe kutsegula kaundula wa mbale, magalamafoni, maakodiyoni ndi zithunzi zimene zikadali m'midzi. M'kaundulamo mulembedwe dzina la mwini, mudzi wake, kumene chinthucho chinagulidwa ndi chaka chake. Katundu asalandidwe: ajambulidwe ndi kubwezedwa, pokhapokha mwini atapereka yekha. Eni ake alangizidwe kuimika mbale choimirira, pamalo ouma ndi opanda dzuwa, ndiponso kuti asaike mbale ya 45 pa galamafoni yopukusa, chifukwa singano yake yachitsulo imaononga mbale yotere nthawi imodzi.

Mabungwe a boma ali ndi mbali yawo. Wailesi ya MBC, nyumba yosunga zolembedwa zakale ya ku Zomba, nyumba yosunga zinthu zakale ya ku Mzuzu ndi sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu angathe kuthandizana kusamutsira nyimbo ndi mawu a agogo pa kompyuta. Tikumbukirenso kuti Hugh Tracey anajambula nyimbo za Atonga, Atumbuka ndi Achewa m'zaka za 1950 ndi 1958, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music pa Rhodes University ku South Africa. Nkoyenera kupempha kuti nyimbo zimenezo zimvekenso m'sukulu za m'boma mmene zinachokera.

Potsiriza, gule amasungidwa povinidwa. Nkhata Bay ndi malo amene alendo ochokera kunja amakonda, ndipo chikondwerero cha Lake of Stars chinayambira m'boma lomweli, ku Chintheche, m'chaka cha 2004. Woimba wa m'tauni ya Nkhata Bay, Gasper Nali, wadziwika kunja kwa dziko ndi babatoni wake wa chingwe chimodzi, umboni woti nyimbo za kunyanja zili ndi ozifuna. Bungwe la Mdauku wa Atonga ndi eni mahotela angathe kupatula madzulo amodzi pa zikondwerero zawo kuti honala ndi mbale zakale zimveke, agogo atsogolere, achinyamata atsatire. Oimba alipidwe moyenera, ndipo malamulo a bungwe la COSOMA oteteza eni nyimbo atsatidwe.

Makolo athu anayenda maulendo ataliatali, anagona m'makomboni, anapirira chipongwe cha tsankho, ndipo pa ndalama zochepa zimene anapeza anapatulapo zogulira nyimbo kuti abale awo akasangalale. Mphatso yotere siyenera kuwolera m'bokosi. Madzi akatayika saoleka. Tikupempha mphunzitsi wamkulu aliyense wa m'boma la Nkhata Bay, kuyambira ku Usisya mpaka ku Kande, kuti chigawo chino cha sukulu chisanathe, ophunzira ake akhale atacheza ndi agogo osachepera khumi, ndipo zolembedwazo zikaperekedwe ku ofesi ya maphunziro ya pa boma.